Magazi a Nangondo m'Khola la Makoswe

Amene anaononga dzina la Yotamu Kamzimbi ndi Bendisoni Kaludzu, ndipo anachita zimenezi m'chilimwe cha chaka chimene kwacha inalowa m'malo mwa paundi. Alipo ena masiku ano amene amati Kaludzu anali munthu wophunzira, womvetsa chisoni. Amatero chifukwa sanagwire naye ntchito.

Yotamu sukulu analekezera Sitandade 3. Ntchito yake yoyamba inali yogwira akashembe ndi kaukonde, pa kasiteshoni kofufuza matenda a kaodzera kamene kanali m'mphepete mwa nkhalango. Dokotala wokalamba amene ankayang'anira pamalopo anaona kuti maso a Yotamu ndi akuthwa, ndiye anamuchotsa m'tchire n'kumukhazika pa makina oonera tizilombo. Anakhala pa makinawo zaka khumi ndi zinayi. Dokotala uja atapuma, kunabwera Kaludzu ndi setifiketi yake ya m'felemu, chikhothi choyera, ndi zolembera zitatu pathumba.

Tsono kachilombo ka kaodzera n'kodabwitsa. Kalibe mutu, kalibe miyendo, kalibe matumbo. Thupi lake lonse ndi kathumba kamodzi kokhala ndi mchira. Koma sikakhala ndi maonekedwe amodzi. Kakangolowa m'magazi kamakhala katali, koonda, kopiringizika ngati mkunga. Tikachulukana, tina timafupika n'kunenepa, mchira n'kutha. Kakalowa m'mimba mwa kashembe kamasinthanso, moti wosadziwa angalumbire kuti ndi mitundu itatu. Dokotala wokalamba uja ankati chibadwa chake n'chimodzi, chimene chimakaumba ndi malo amene kapezeka. Ankatinso tonenepato ndi tapaulendo. Tasiya kuswana, tikungodikira kashembe woti atinyamule.

Zonsezi Yotamu ankazidziwa ndi maso. Kaludzu ankadziwa chithunzi chimodzi chokha chimene chinapachikidwa pakhoma, cha kachilombo katali.

Lolemba lina kunabwera mayi wa kwa Mtambalika, dzina lake Nangondo. Anamukweza panjinga ndi mlongo wake, a Sandalamu, amene anali mwini mbumba. Mayiyo anali atadwala masabata angapo. Ankangogwa tulo ali chikhalire, ndipo m'mutu mwake munkanunkhira mafuta a nsatsi. Yotamu anamubaya chala, napaka magazi pa kagalasi, nayang'ana. Anapeza tiwiri tonenepa tili phee.

"Bwana, mayiwa ali ndi kaodzera."

Kaludzu anasuzumira kamodzi kokha. "Izi ndi nyansi za pagalasi. Simunatsuke bwino."

"Ndi tomweto, bwana. Tangosintha thupi."

"A Kamzimbi, tayang'anani pakhomapo. Chafanana ndi chimene chili apocho? Kapena ku Sitandade 3 ankaphunzitsa zina?"

Anawapatsa mapiritsi a malungo n'kuwauza kuti azipita. Yotamu zinamuwawa. Kaludzu atalowa mu ofesi, iye anaitana mayi uja kuseri, natenga magazi pang'ono ndi jakisoni. Pa siteshonipo ankaweta makoswe oyera, ndipo khoswe ukamubaya magazi a wodwala, tizilombo timachulukana mpaka wakhungu yemwe angatione. Nangondo anatsegula maso n'kuyang'ana jakisoniyo.

"Nanga awo mukupita nawo kuti?"

"Tingowasunga pang'ono, mayi. Tidzakubwezerani."

Yotamu ananena mongomusangalatsa, monga mmene amachitira ndi odwala amantha. Koma mayiyo sanaseke.

"Mudzabwezadi?"

"Ee, mayi."

"Chabwino," anatero, maso n'kutsekanso.

Patatha sabata, magazi a khoswe amene Yotamu anamubaya magaziwo anali nyakanyaka ndi tizilombo titalitali, tofanana ndendende ndi chithunzi cha pakhoma. Kaludzu anayang'ana nthawi yaitali. Yotamu anapempha galimoto kuti akatenge wodwala. Kaludzu anati mafuta kulibe. Loweruka Yotamu anapalasa njinga yake mpaka kwa Mtambalika, ndipo anapeza anthu akuphwasula chisakasa cha maliro. Nangondo anali ataikidwa dzulo lake.

Munthu wamanyazi akanapha khoswe uja n'kukhala chete. Kaludzu analemba kalata kulikulu kuti iye, ndi nzeru zake, wapeza mtundu wa kaodzera waukali kwambiri. Akuluakulu anayankha kuti ausunge wamoyo mpaka madokotala adzafike kumapeto kwa Novembala. Kuusunga kwake kunali kotere: khoswe akayamba kufooka, umatenga magazi ake n'kubaya khoswe wina, ameneyonso akafooka, wina. Ntchito yonyansayo inagwera Yotamu. Pakhola Kaludzu anamatapo kapepala kolembedwa kuti Nangondo.

Sabata yachitatu a Sandalamu anabwera. Anavula chipewa n'kukhala pansi pakhonde, ngakhale panali benchi.

"Bambo Kamzimbi, kwathu sitinametebe."

Yotamu anayang'ana mutu wawo. Tsitsi linali lonse. Kwa Mtambalika maliro akachitika, abale amameta kuti womwalira apite ndithu, otsala abwerere ku ntchito zawo. Popanda kumeta, nyumba ya maliro siitsekedwa.

"Chavuta n'chiyani, malume?"

"Mlongo wanga asanatsirizike anati, magazi anga ali kwa a Kamzimbi, anati adzabweza. Ananena katatu. Ife taika zonse. Nsalu zake, mkeka wake, ngakhale tsitsi limene linatsalira m'chipeso. Akuluakulu akuti sitingamete munthu wina akadali kunja. Ndabwera kudzatenga. Ngakhale atauma pa kagalasi, tikakwirira pambali pake."

Yotamu anaganiza za magazi aja. Akanakhala ouma zikanaphweka. Koma zimene zinali mwa Nangondo zinali zamoyo, zikuswana mkatimo, kuseri kwa khoma limene a Sandalamu anatsamira.

Kaludzu anatuluka atamva mawu. Atamufotokozera anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Madala, mukufuna kuchita maliro a makoswe? Muimbanso nyimbo? Zimene zili m'kholamo ndi katundu wa boma. Mlongo wanu anatha, izi ndi tizilombo chabe."

"Tizilombo take," anatero a Sandalamu.

"Take bwanji? Anatigula?"

"Tinadya iyeyo, bwana. Tinakulira mwa iyeyo."

"Kazipitani. Ndipo inu a Kamzimbi, mukakhudza khola lija popanda ine, ntchito yatha tsiku lomwelo."

A Sandalamu anavala chipewa. Pofika pa njinga yawo anacheuka n'kuyang'ana Yotamu yekha. "Analonjeza ndinu, bambo. Ameneyu sanalonjeze kanthu."

Yotamu anali ndi ana asanu, ndipo nyumba imene ankagona inali ya pantchito. Anabwerera pa makina ake.

Zinayamba Lachiwiri lotsatira, dzuwa likuswa mtengo. Nthawi imeneyo ya chaka anyenje amalira osapuma, mpaka munthu umaiwala kuti akulira. Yotamu ali pa makina anangomva kuti zii. Nkhalango yonse. Anadzutsa mutu. Makoswe asanu ndi mmodzi a m'khola la Nangondo anali ataunjikana mbali imodzi, mphuno zili pa waya, kuloza chakumadzulo. A m'makola ena ankadya gaga wawo bwinobwino. Anatembenuza kholalo. Makoswe anadzuka mwaulesi, nadutsa, nakaunjikananso chakumadzulo. Kwa Mtambalika ndi kumadzulo.

Kenaka anyenje anayambiranso ngati palibe chachitika.

Mawa lake timagalasi tinayamba kusowa. Osati tonse, tokhato timene tinapakidwa magazi a m'khola lija. Yotamu ankatiika m'bokosi madzulo, n'kukhoma kabati, kiyi n'kupereka kwa Kaludzu. M'mawa m'bokosi mulibe. Ankatipeza panja, pa sitepe, titayalidwa mondondozana, totsukidwa mbee, tikadali tonyowa.

"Mukundiseweretsa eti?" anatero Kaludzu.

"Kiyi amagona kwa inu, bwana."

"Ndiye mukuti ndine?"

"Sindinatchule munthu."

Kaludzu anatola kagalasi kamodzi n'kukanunkhiza. Nkhope yake inasintha pang'ono. Anakapukuta pa chikhothi, nalowa mu ofesi, natseka chitseko. Yotamu anatola kena. Kankanunkhira mafuta a nsatsi.

Lachisanu masana akupita kunyumba kukadya, anaona munthu atakhala pansi pa mtengo wa muwanga, pamene njira ya kusiteshoni imakumana ndi msewu. Anali mayi, atafunda chitenje kumutu, mutu uli pa maondo ngati wotopa ndi ulendo. Analibe mtolo, analibe mwana. Mapazi ake anali oyera ndi dothi, koma osati dothi la mumsewu umenewo, limene ndi lofiira. Yotamu anachepetsa liwiro kuti apereke moni. Apo n'kuti anyenje atasiyanso.

"Bambo," anatero mayiyo osadzutsa mutu, mawu ake olemera ndi tulo. "Mwanditengera?"

Yotamu sakumbuka mmene anafikira kunyumba. Mkazi wake, Nachisale, anamulandira njinga n'kuima.

"Bambo a Esitere, ndani akukudzolani nsatsi masiku ano?"

"Palibe."

"Palibe? Malaya onsewa? Ine mafuta amenewo ndinasiya ndili mtsikana. Ngati mwapeza wachikale, mubwere naye adzandithandize kusinja."

Anaseka, koma ataona nkhope ya mwamuna wake kuseka kunathera pakamwa. Yotamu anakhala pa mpando n'kumuuza zonse. Nachisale anamvetsera atagwira pachifuwa.

"Ndiye inu munamuuza munthu wodwala kuti mudzabweza?"

"Ndimangonena."

"Kwa munthu woti akufa samangonena. Kabwezeni."

"Ntchito ikatha tidzalowera kuti?"

"Kwathu kuli munda. Mukufuna adzayambe kukhala pakhomo pano? Ana akamuona?"

Kuyambira tsiku limenelo Yotamu ankazungulira njira ya kudambo. Sizinathandize. Masana ena anamuona patsidya pa dambo, atakhala chimodzimodzi. Tsiku lina anali pa chitsa, kuseri kwa chimbudzi cha pasiteshoni. Tsiku lililonse ankasendera. Yotamu sanaone nkhope yake ngakhale kamodzi, ndipo sanafune.

Chimene chinamuopsa koposa chinali m'makina. Tizilombo tikamadutsa m'makoswe nthawi yaitali, kuchoka mwa uyu kulowa mwa uyo ndi jakisoni, timazolowera. Timaiwala kashembe, timangokhala titalitali, n'kumapha khoswe msangamsanga. Yotamu anaziona zimenezo kambirimbiri. Koma ta Nangondo tinachita zosiyana. Lolemba anapeza tonenepa tochuluka kuposa titali. Lachitatu katali anakasaka mpaka maso kuwawa, osakapeza. Tonse tinali tafupika, tanenepa, tili duu, ndipo makoswe anasiya kufa. Anayang'anitsitsa n'kuona kuti tonse taloza mbali imodzi. Anatembenuza kagalasi. Anadikira. Pang'onopang'ono, ngati anthu otembenuka m'tulo, tonse tinatembenuka.

Anaitana Kaludzu.

"Bwana, taonani. Tonse tamanga katundu."

"Mukuti chiyani?"

"Tonenepa ndi tapaulendo. Tasiya kuswana. Tikudikira wotinyamula."

Kaludzu anayang'ana, ndipo ulendo uno sanati ndi nyansi. Anaweramuka akupukuta thukuta m'khosi.

"Mazenera onse ali ndi sefa. Muno kashembe sangalowe. Tinyamulidwa ndi ndani?"

"Ndi zimene zikundiopsa, bwana. Tiyeni tiphe makoswewa, tikapereke kwa eni ake. Mudzawauza akuluakulu kuti anafa okha."

"Madokotala afika masabata awiri akubwerawa. Mukufuna adzapeze khola lopanda kanthu, ine ndidzaoneke wabodza? Ndakudziwani, a Kamzimbi. Chikukupwetekani n'choti kalata ija ili ndi dzina langa."

"Dzina tengani. Ine ndikufuna ndizidutsa pamsewu ngati munthu."

Kaludzu anatembenukira kuzenera. Kenaka anafunsa motsitsa mawu, osamuyang'ana, "Pamsewu pali chiyani?"

"Inu simunaone kanthu?"

"Ine sindiona za anthu osaphunzira."

Koma kuyambira tsikulo Kaludzu anasiya kupita kunyumba masana. Ankadyera mu ofesi, chitseko chokhoma.

Yotamu anaganiza Lachinayi lonse ndi Lachisanu lonse. Loweruka anauza Nachisale kuti ayambe kumanga ziwiya. Ankadziwa kuti Loweruka Kaludzu amaweruka msanga n'kupita kusitolo kukamvera wailesi. Anatenga thumba la chiguduli ndi chingwe, napita kusiteshoni dzuwa lili pamutu.

Pa muwanga panalibe munthu. Pa chitsa panalibe munthu. Zimenezo sizinamusangalatse. Anyenje anali chete kuyambira pamene anatsika panjinga, ndipo ankamva nsapato zake zokha. Chitseko cha chipinda cha makoswe chinali chotsegula.

Kaludzu anali mkati. Anakhala pa mpando wa Yotamu, mutu uli pa tebulo pambali pa makina, manja ali lende, akuliza mkonono. Fungo la nsatsi linali lokhuthala ngati utsi. Kuseri kwa mpandowo, pakona pamene kuwala kwa pazenera sikufika, panali poderapo kuposa masiku onse. Yotamu sanakweze maso. Anaona m'mphepete mwa chitenje, ndi zala za kumapazi zoyera ndi dothi. Anaonanso pakhosi pa Kaludzu, kumbuyo, pamwamba pa kolala, chotupa chofiira chachikulu ngati dzira la njiwa.

"Ndabwera kudzatenga, mayi," ananong'ona. "Ndikukaperekadi."

Kunja nyenje mmodzi anayamba, kenaka onse. Atayang'ananso pakona paja panali tsache ndi ndowa basi.

Makoswe a m'khola la Nangondo anali akuthamangathamanga, kulimbirana gaga, maso ali gwa. Yotamu ananyamula kholalo. Akulimangirira panjinga anamva mawu kumbuyo.

"Wakuba!"

Kaludzu anaima pakhomo akudzandira, maso ofiira. Analanda khola n'kulibwezera mkati. Pofuna kuona ngati katundu wake ali bwino, anadula khoswe mmodzi kansonga ka mchira, napaka pa kagalasi, nayang'ana. Anatenga wachiwiri. Wachitatu. Onse asanu ndi mmodzi. Magazi awo anali oyera ngati a khoswe wobadwa dzulo. Munalibe katali, munalibe konenepa.

"Wasinthanitsa! Enieniwo wapita nawo kuti?"

"Ndi omwewo, bwana. Taonani michira, ndi yodulidwa kale."

"Ndiye tapita kuti?"

Yotamu anayang'ana khosi la Kaludzu. Mtima wina unamuuza kuti akhale chete. Koma zaka khumi ndi zinayi za pa makina zinamukakamiza.

"Bwana, muli ndi chotupa kumbuyoku. Ndiloleni ndikubayeni chala ndione. Mankhwala alipo m'kabatimu, mukayamba lero muchira."

"Iwe? Undipope inenso? Choka! Pofika kumapeto kwa mwezi nyumba ija ikhale yopanda munthu."

Zikanathera pa kuchotsedwa ntchito, Yotamu akanapirira. Koma Kaludzu analemba kalata ina. Analemba kuti amene analephera kuona matenda a Nangondo ndi Yotamu. Analembanso kuti Yotamu ankatenga magazi a odwala kuseri, popanda chilolezo, n'kumakagulitsa kwa asing'anga. Nkhaniyo anakaifotokozanso kusitolo. Pofika Lachitatu dera lonse linkati Kamzimbi ndi namapopa. Amayi amene iye anapulumutsa ana awo ankakokera anawo m'nyumba akamuona. Ku tchalitchi benchi imene anakhalapo inatsala yake yekha. Dzina limenelo linamutsata mpaka kwawo kwa mkazi wake, ndipo palibe wa kulikulu anabwera kudzamufunsa mbali yake, ngakhale mmodzi.

Asanasamuke anapalasa njinga kupita kwa Mtambalika. Anapeza a Sandalamu akusema mpini, tsitsi litakula mpaka m'makutu.

"Mwabweretsa?"

"Ndabwera chimanjamanja, malume. M'makoswe muja mulibenso kanthu. Achoka."

"Achoka apita kuti?"

"Apeza wowanyamula."

A Sandalamu anaika kasemasema pansi. Anayang'ana Yotamu, kenaka anayang'ana njira yochokera kummawa.

"Akubwera wapansi?"

"Sindikudziwa."

"Tidikira," anatero, natolanso kasemasema.

Madokotala anafika kumapeto kwa Novembala monga ananenera. Anapeza makoswe onenepa bwino ndi Kaludzu akuodzera pakati pa chiganizo. Anamufunsa ngati akudwala. Anati ndi kutopa, ndipo magazi ake wadziyeza yekha kawiri, alibe kanthu, muli tinyansi ta pagalasi basi. Iwo anakhulupirira setifiketi, nakwera galimoto yawo.

Lachitatu la sabata yotsatira, masana, Kaludzu anatuluka mu ofesi osavala nsapato. Amayi ogulitsa masuku pamsewu anamuona akudutsa pa muwanga, maso otseka, akuyenda ngati munthu amene wagwidwa dzanja. Anamupatsa moni, sanayankhe. Anthu anamupeza patatha masiku anayi ku manda a kwa Mtambalika, mudzi umene anali asanapondemo chibadwire, atagona chammbali pafupi ndi mtumbira watsopano. Ndi kutentha kwa nthawi imeneyo, thupi silikanatheka kunyamulidwa kupita kwawo. Anamuika pomwepo.